Mano a Bambo Kamtedza

Amuna anga, a Tomasi, anali khukhi wa ansembe pa mishoni ya Mua. Pamene ndinkakwatiwa nawo n'kuti akuphikira wansembe wina wa ku Kanada amene anthu ankamutchula kuti Bambo Kamtedza. Dzina lawo lenileni linali la Chifalansa, lotulukira m'mphuno, ndipo palibe ankalitha. La Kamtedza analitengera m'thumba la mkanjo wawo, mmene simunkasowa mtedza wokazinga. Ankakukuta poyenda, ankakukuta pophunzitsa katekisimu, ngakhale kuti mano awo anali ochita kuika.

Ntchito ikachepa, Bambo ankakhala pakhomo pa khitchini n'kumafotokozera amuna anga za kwawo, ndipo amuna anga ankabwera nazo nkhanizo kunyumba zili zotentha. Ine ndinadziwa mizinda ya ku Kanada ndisanaone n'komwe Lilongwe. Ana anga ankatchula Kebeki, Montireyali, Otawa, Toronto, Winipegi ndi Vankuva ngati akutchula azakhali awo.

Chaka chachitatu cha Chitaganya, Pasaka itangopita, Bambo anaitanidwa kwawo chifukwa cha ukalamba ndi chifuwa. Kunachitika phwando lotsanzikana, kunabwera ansembe a m'mamishoni ena. Bambo anakana sitima ya ku Beira. Anati apite pa galimoto chakumpoto, azikatsanzika anzawo mishoni ndi mishoni mpaka ku Tanganyika kumene anayambira ntchito ali mnyamata, kenako akakwere sitima ya pamadzi ku Daresalamu. Ananyamuka m'mamawa amuna anga asanafike kuntchito, osawatsanzika. Tsiku limenelo amuna anga anakhala kuseri kwa nkhokwe ngati munthu wofedwa.

Patapita masiku angapo, akusesa kubafa ya ansembe, anapeza mano kuseri kwa mtsuko, a m'mwamba ndi a m'munsi omwe. Wansembe wachinyamata amene anatsala pa mishoni anati awatumiza pa positi. Amuna anga anakana. Anati katundu amene mlongo wa Bambo anatumiza pa Khirisimasi anafika mu Lenti. Munthu angadikire choncho akumwa phala? Anaika manowo m'chitini cha tiyi, napempha tchuthi, nabwera kunyumba.

"Amake Lusiya, ndikupita kukawapatsa."

"Kukawapatsa kuti?"

"Kumene ndikawapeze. Iwo akuima m'mamishoni, ine sindiima."

Ndinawaona akutulutsa chijasi chaubweya chimene Bambo anawapatsa, chovala choti kuno kuchigwa sungachivale ngakhale mu Juni. Ndinkadziwa kuti Bambo anawauzapo kangapo kuti, "Tomasi, tsiku lina udzaone Kebeki ndi maso ako." Amuna ambiri a kwathu anapita ku Joni n'kutchona. Anga akanatchona kutali kuposa onse.

"Ndiye tipitira limodzi, bambo a Lusiya."

"Inu mukakatani?"

"Ndikanyamule chitini."

Ana ndinawasiya kwa akulu anga. Pa Mtakataka tinapeza lole yonyamula nsomba zouma kupita ku Lilongwe. Mwini nsombazo anali a Saidi, Msilamu wa kugombe amene ankadziwana ndi amuna anga chifukwa ankagulitsa chambo ku mishoni. Anatikhazika pamwamba pa madengu pamodzi ndi anthu ena.

Mpaka pa Golomoti zonse zinali bwino. Titangoyamba kukwera phiri, msewu unasanduka miyala yokhayokha, ndipo chitini chili pamiyendo panga chinayamba kulira: gwedegwede, gwedegwede. Mano ankalumana okha m'katimo. Mayi wina amene anali ndi nkhuku m'manja anandiyang'ana, nayang'ana chitini.

"Muli chiyani m'menemo, amayi?"

"Mano," anayankha amuna anga.

Mayi uja anasendera kutali ndi ine.

"Mano a ndani?"

"A abambo."

"Pepani. Amwalira liti?"

"Ali moyo. Ali pa ulendo."

Mayi uja anamenya denga la dalaivala mpaka lole inaima. Anatsika ndi nkhuku yake, nanena kuti iye sakwera galimoto imodzi ndi zinthu zotere, kuli bwino ayende pansi. Anayendadi. Lole yathu inkakwera pang'onopang'ono, injini ikuwira, amuna akutsika kukaika miyala kumbuyo kwa matayala, moti titafika pamwamba tinamupeza atakhala pamthunzi akudya nzimbe.

Pamene tinkadikira injini kuti izizire, anthu anatulutsa kamba. A Saidi okha sanadye chifukwa unali mwezi wa Ramazani. Amuna anga, pofuna kuwasangalatsa, anawauza kuti ayamike Mulungu kuti sanabadwire ku Winipegi, chifukwa kumeneko nyengo yotentha dzuwa limalowa nthawi imene kuno tagona kale, n'kutulukanso tambala asanalire.

"Nanga osala kudya amatani?" anafunsa a Saidi.

"Amangopirira."

"Wallahi, ine ndingafe tsiku lachiwiri."

"Koma nyengo yozizira," anapitiriza amuna anga, "nsomba sayanika. Amangoiponya panja, pang'ono pokha yauma gwa ngati nkhuni, ndipo ikhala choncho miyezi."

A Saidi anasendera pafupi. "Popanda mchere? Popanda utsi? Nanga ntchentche?"

"Ntchentche zimafa zonse. Ndipo Toronto ili m'mbali mwa nyanja ngati yathu yomweyi."

Kuyambira pamenepo mpaka pa Linthipe a Saidi ankangofunsa za Toronto: nsomba zake ndi zanji, amakoka ndi makoka kapena ndi mbedza, msika uli patali bwanji ndi gombe. Amuna anga ankayankha zonse, zina zimene Bambo anawauza, zina zimene ine ndinkazimva koyamba.

Ku Lilongwe tinagona pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. M'mawa tinayenda pansi kupita ku mishoni ya kunja kwa tauni, ndipo amuna anga analunjika kukhitchini, kwa khukhi mnzawo.

"Anali pano," anatero khukhiyo. "Anyamuka dzana."

"Anadya chiyani?"

"Supu ndi dzira lofewa."

Amuna anga anagwira mutu. "Mwamva, amake Lusiya? Supu. Munthu wokukuta mtedza uja."

Tinakwera basi ya ku Mzimba. Pa Kasungu tinamva kuti adutsa dzulo, anadya phala ndi nthochi. Amuna anga ankafuna kukankha basi ndi manja. Koma titapitirira pang'ono, tinapeza mtsinje utadzaza ndi mvula yomaliza, madzi akudutsa pamwamba pa mlatho. Galimoto ya Bambo inali itawoloka madzi asanabwere. Ife tinakhala tsidya lino masiku angapo, tikugona pansi pa basi, tikugula chimanga chachiwisi kwa anthu a m'midzi.

Pakati pathu panali mdala wina wa ku Rumphi, a Gondwe, amene aliyense ankangowatchula kuti a Sajeni, chifukwa anamenya nkhondo ya ku Bama. Anali ndi mawu aakulu koma m'kamwa munalibe dzino ndi limodzi lomwe. Tsiku lina tonse titaimirira m'mbali mwa mtsinje kuyang'ana kamtengo kamene dalaivala anazika poyesera madzi, amuna anga anausa moyo.

"Kukanakhala ku Montireyali bwenzi tawoloka kale. Mtsinje wake ndi waukulu kuposa Shire, mzinda wonsewo uli pachilumba pakati pake. Koma nyengo yozizira madzi amauma, anthu amadutsa pamwamba ndi ngolo za akavalo."

"Bodza," anatero a Sajeni. "Ine ndafika ku Bombe, ndafika ku Siloni, ndawoloka nyanja yamchere. Madzi ndawaona a mitundu yonse. Madzi oyendapo ngolo kulibe."

"Anandiuza ndi wansembe."

"Wansembe amanenanso kuti munthu anayenda pamadzi, koma sanatchulepo za ngolo."

Basi yonse inagawika pawiri. Poti panalibe china chochita, mkanganowo unatenga tsiku lathunthu. Ena anali mbali ya Montireyali, ena mbali ya a Sajeni, ndipo amayi awiri amene anachokera limodzi ku Dowa analeka kudyera mbale imodzi. Pomaliza anaitana mphunzitsi wina amene anali m'basimo kuti aweruze. Iye anakanda kumutu nati m'mabuku zilimo, ndipo wakhala akuphunzitsa ana zimenezo zaka zambiri, koma mumtima mwake sanazikhulupirirepo.

A Sajeni anayesa njira ina. "Chabwino. Likulu la dzikolo ndi uti, Montireyali wanuyo kapena Toronto?"

"Onsewo ayi. Ndi Otawa, kamzinda kakang'ono ngati Zomba. Mizinda ikuluikulu inkalimbirana, ndiye mfumukazi ya ku Mangalande inapatsa wina amene sankayembekezera."

"Izo zokha ndavomera," anatero a Sajeni. "Ndi mmene amaweruzira Angerezi."

"Ndipo kuchoka ku Montireyali kukafika ku Vankuva, sitima imayenda masiku ndi masiku, usana ndi usiku, minda ya tirigu yokhayokha, kenako mapiri, koma ukadali m'dziko lomwelo."

"Mwayambanso."

Tsiku lotsatira madzi anayamba kutsika, ndipo tonse tinathamangira kukaona kamtengo. Chitini tinachisiya pansi pa chijasi. Pobwerera tinapeza a Sajeni atakhala patayala, chimanga chootcha chili m'manja, milomo itatukuka ngati mbuzi yowauka. Anali ataika mano aja. Anali aakulu kwambiri kwa iwo: kukamwa sikunkatsekeka, ndipo kuwatulutsa kunkakanika. Ankayesa kulankhula koma kunkangotuluka malovu, uku nkhope ikuoneka ngati akuseka tonsefe. Dalaivala anawagoneka chagada pamchenga, amuna awiri anawagwira miyendo, nawachotsa manowo ndi chogwirira cha supuni.

Amuna anga analandira manowo. Anatsikira kumtsinje ndi sopo ndi phulusa, natsuka manowo nthawi yaitali, dzino ndi dzino. A Sajeni anawatsatira chipewa chili m'manja.

"Mundikhululukire, achimwene. Ndinangofuna kukumbukira mmene chimanga chimamvekera. Ngati mukufuna, ndivomera za ngolo zija."

"Sindifuna kuvomera kopepesera."

Komabe mdalayo anatithandiza. Pa Mzimba, pamene chinenero chinasintha ine n'kusanduka wosamva, ndi iwo amene anatifunsira kukhitchini ya mishoni. Bambo anali atanyamuka m'mawa womwewo, ndipo anadya papaya wakupsa. Pa Rumphi a Sajeni anatipereka m'manja mwa mphwawo, dalaivala wa lole ya mchere yopita ku Fotihiro, kumene lero amati Chitipa.

Msewu umenewo sindidzauiwala. Tinkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, osakumana ndi galimoto ina. Chakufupi ndi Chisenga chitsulo cha pansi pa lole chinathyoka, ndipo anachimanga ndi mtengo ndi chikopa chang'ombe chonyowa. Tinadikira chikopacho kuti chiume. Mphepo ya kumeneko inkalowa m'mafupa. Ine ndinkanjenjemera m'nsalu zanga ziwiri, koma amuna anga anavala chijasi chawo koyamba chilandirireni, nkhope ikuwala.

"Mukukumva kuzizira uku, amake Lusiya? Ku Kebeki uku amati kwatentha."

Tinakhala pathumba la mchere awiriwiri, anatsegula chijasi nandifunditsa mbali imodzi. Ndinaona kuti nthawi yofunsa ndi yomweyo.

"Bambo a Lusiya, tikakawapeza, akakanena kuti tiyeni, inu mukatani?"

Anayang'ana phiri. Anandiuza kuti ku Kebeki mzinda wakale uli pamwamba pa thanthwe, wozingidwa ndi linga lamiyala, ndipo mabelu a matchalitchi akalira Lamulungu sumva mnzako akulankhula.

"Sindinafunse za mabelu."

Anangoyang'anabe phiri. Kuchokera pamenepo mpaka ku Fotihiro sindinadye bwino.

Pa malire a Tunduma tinafika pa lole ina, ya zikopa. Kalaliki wa pamenepo ankalankhula Chiswahili chosakaniza ndi Chinyanja cha ku migodi.

"Mukupita kuti?"

"Ku Mbeya," anatero amuna anga. "Tikawaphonya kumeneko, Daresalamu. Tikawaphonya kumeneko, Halifakisi, kumene sitima zimakocheza. Kuchoka apo Kebeki si patali."

Kalaliki anandiyang'ana ine ngati akufunsa ngati munthuyu ndi wabwinobwino. Kenako analoza chitini. Atatsegula anabwerera m'mbuyo, naitana mnzake. Anakambirana nthawi yaitali. Mmodzi ankati ndi minyanga, ndipo minyanga sidutsa popanda chilolezo. Wina ankati si minyanga, ndi chiwalo cha munthu, ndipo chiwalo cha munthu ndi nkhani ya dokotala. Anagogoda dzino limodzi ndi pensulo, nalinunkhiza. Anthu kumbuyo kwathu anayamba kung'ung'udza.

"Mwini wake ali kuti?" anafunsa wamkulu wa awiriwo.

"Wadutsa pano pomwe. Mzungu wandevu zoyera, wamkanjo."

"Ee, wadutsa dzana. Tinamulola?"

"Tinamulola," anatero mnzake.

"Ngati tinalola munthu, tinalola munthu yense. Awa angotsalira m'mbuyo. Pitani."

Tinafika ku Mbeya dzuwa lili pamutu, ndipo anthu anatilozera mishoni ya kunja kwa tauni. Pabwalo panali galimoto itakwezedwa pamiyala, makaniko ali pansi pake. Amuna anga anayamba kuthamanga, ine pambuyo ndi chitini. Titazungulira nyumba, tisanaone munthu, tinamva phokoso lochokera pakhonde: kukutu, kukutu, kukutu.

Amuna anga anaima chilili.

Bambo Kamtedza anali pampando, bulangeti pamiyendo, akuponya mtedza m'kamwa. Atationa anadzuka, mtedza n'kumwazika.

"Tomasi! Marita! Kwagwanji? Ndani wamwalira?"

Amuna anga anagwada, nalandira chitini kwa ine, nachipereka ndi manja awiri. Bambo anatsegula. Anayang'ana m'kati, anayang'ana ife, kenako analowetsa zala m'kamwa natulutsa mano awo, nawaika pafupi ndi enawo. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo ndinathamangira madzi.

"Awa si anga," anatero atabwezera awo. "Awa ndi a Bambo Yohane, Mdatchi wokalamba wa ku Bembeke. Anabwera kuphwando lija. M'mawa mwake sanayankhule ndi munthu, ine ndimayesa ndi chisoni."

Ku Bembeke! Njira yopatukira kumeneko tinaidutsa tsiku loyamba, tisanafike n'komwe pa Dedza.

"Nanga supu?" anafunsa amuna anga ndi mawu otsika. "Nanga phala, nanga papaya?"

"M'mimba, Tomasi. Chichokereni ku Mua palibe amene akudziwa kundiphikira."

Ndinaganiza kuti amuna anga aseka kapena akwiya. Koma anakhalabe chogwada, akuyang'ana pansi.

"Bambo, munachoka osanditsanzika."

Mdala uja anasiya kuseka. Anakhala pansi pang'onopang'ono, nasisita ndevu.

"Ndinafika pakhomo pa khitchini m'mawa uja," anatero. "Ndinaona mapoto ako atapachikidwa. Ndinadziwa kuti ndikakudikira sindikwera galimoto."

Ine ndinayang'ana kumbali. Kenako Bambo ananena chimene ndinachiopa njira yonse.

"Tomasi, wafika kale kutali. Kumene ndikupita ndi nyumba ya ansembe okalamba, ndipo khukhi amasowa nthawi zonse. Ndikhoza kulankhula ndi akuluakulu. Ukaone Kebeki, ukaone Montireyali. Zaka ziwiri kapena zitatu, kenako udzabwerera."

Amuna onse amene anatchona ananyamuka ndi mawu omwewo, zaka ziwiri kapena zitatu. Ndinagwira mzati wa khonde.

Amuna anga anadzuka pamene anagwadapo. Anandiyang'ana kamodzi, kenako anatembenukira kwa Bambo.

"Bambo, zaka zonsezi mwakhala pakhomo pa khitchini yanga mukulira kwanu. Ine ndimakumverani, ndipo ndimakukhulupirirani. Tsopano mukufuna nanenso ndikakhale pakhomo pa khitchini ya eni, ndizikafotokoza za Mtakataka? Kumeneko adzandikhulupirira ndani kuti kuli dziko limene anthu amagona panja chifukwa cha kutentha?"

Bambo anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulangeti. "Palibe," anatero. "Inenso sakandikhulupirira."

"Ndiye pitani nokha, mukavutike nazo. Khitchini ili kuti?"

Analowa m'khitchini ya eni ngati yawo, namuuza khukhi wa pamenepo ndi manja kuti akhale pambali. Anapha nkhuku, naphika mpunga mmene Bambo ankaukondera. Mdala uja anadya mpaka kukukuta mafupa. Galimoto inatenga masiku ena awiri kuti ikonzeke, ndipo masiku onsewo amuna anga ndiwo ankaphika. Tsiku lonyamuka anatsanzikana bwinobwino pabwalo, anthu akuona, ndipo tinaimirira mpaka fumbi la galimoto litatha.

Za ulendo wobwerera sindinena zambiri. Unali msewu womwewo, koma ine ndinkadya ndi mtima wonse. Chitini tinachidzaza ndi thonje kuti chisalirenso.

Tinatsika pa njira yopatukira ku Bembeke n'kuyenda pansi. Bambo Yohane tinawapeza m'munda wa maluwa, ataonda, masaya atalowa m'kati, mkanjo ukulendewera ngati wopachikidwa pamsomali. Khukhi wawo anatinong'oneza kuti chibwerereni ku Mua sanalalikepo, Misa amangoinong'ona, ndipo chifukwa cha manyazi sanauze munthu chimene chinawachitikira. Amuna anga anapereka chitini. Mdalayo anatsegula, natembenukira kukhoma. Tinamva kuti khwa. Atatembenukanso anali munthu wina, nkhope itadzaza.

Anayesa nsagwada uku ndi uku, kenako anafunsa ndi Chinyanja chawo cholemera.

"Munawapeza kuti?"

"Ku Mua, Bambo. Kuseri kwa mtsuko."

"Liti?"

"Pasaka itangopita."

Anayang'ana chakuchigwa, kumene denga la tchalitchi cha kwathu limaoneka kukacha bwino.

"Nanga mwachedwa kuti? Mua ndi apa."

"Tinadzera ku Tanganyika, Bambo."

Mdalayo anaganiza pang'ono, nagwedeza mutu ngati munthu womvera chisoni alendo osadziwa dziko.

"Ulendo wina mudzadzere ya Golomoti," anatero. "Ndi yachidule."